Momwe mungapezere chilolezo chotera ndi ndege yanu pa Wake Island

Pakati pa Hawaii ndi Guam, m'nyanja ya Pacific, pali kachilumba kotchedwa Wake Island. Kali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3,700 kuchokera ku Honolulu, likulu la Hawaii, ndipo msewu wake woterapo ndege ndi wautali mamita pafupifupi 3,000. Aliyense wowoloka nyanjayi pa ndege yakeyake amalisirira bwaloli. Koma eni ake ndi asilikali a US Air Force, ndipo salandira mlendo wongotulukira. Ntchito yaikulu ya ulendowu imachitikira pa tebulo, ndege isanalizidwe n'komwe.

Yambani ndi chifukwa chimene mukupitira kumeneko. Kukaona malo si chifukwa. Amene amaloledwa kawirikawiri ndi omwe ali pa ntchito ya boma la America kapena ya makampani ogwira ntchito pachilumbapo, ndipo amakhala ndi ofesi yowaikira umboni. Ngati mukungofuna kumwetsa mafuta n'kupitirira, nenani zomwezo mosabisa, koma konzekerani kukanidwa. Ine ndingati amene alibe womuikira umboni ayambe wajambula njira ina, yodzera ku Majuro ku Marshall Islands mwachitsanzo, asanataye nthawi ndi mapepala.

Chifukwa chikamveka, pali mafomu atatu. DD Form 2400 ndi umboni wa inshuwalansi, ndipo amaidzaza ndi akampani ya inshuwalansi, osati inu. DD Form 2401 ndiye pempho lenileni la chilolezo chotera. DD Form 2402 ndi pangano loti chilichonse chikakuchitikirani pabwalopo simudzaimba boma la America mlandu. Malamulo ake ali mu 32 CFR Part 855, gawo la malamulo a boma la America, ndipo amati mapepala atumizidwe kutatsala masiku osachepera 30. Onetsetsani kuti dzina la wopempha chilolezo likufanana pa mafomu onse atatu. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kungakubwezeni poyambira.

Chilolezo chikatuluka musayambe kulongedza. Pakufunikabe nambala ya PPR (Prior Permission Required), yosonyeza kuti akulolani kufika, imene oyang'anira bwalo amapereka pa ulendo umodzi, tsiku limodzi ndi ola lake. Ilembeni pa flight plan, chikalata cha dongosolo la ulendo wanu. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: Wake ili kutsidya kwa mzere wosinthira tsiku, patsogolo pa Honolulu ndi maola 22. Mukanyamuka ku Honolulu Lolemba m'mawa, ku Wake kuli kale Lachiwiri. Lembani nthawi zonse mu UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse, kuti musafike tsiku limene sakukuyembekezani.

Za mafuta zifunika kudekha. Mabwalo a asilikali amasunga mafuta a ndege za jeti, choncho ngati injini yanu imamwa avgas 100LL, petulo wa ndege zing'onozing'ono, musaganize kuti mukamupeza. Funsani, ndipo yankho likhale lolembedwa, pamodzi ndi njira yolipirira. Kenako werengerani malo amene mukawadutsa mafuta sangakwanenso kubwerera komwe mwachokera. Bwalo lina loyandikira lili kutali ndi makilomita mazana ambiri, ndiye musanafike pamalo amenewo muyenera kukhala mutamva za nyengo ya pa Wake ndiponso kuti msewu woterapo ndi wotsegula. Pamwamba pa nyanja wailesi ya masiku onse ya m'ndege, ya VHF, siifika patali. Mudzalankhula ndi Oakland Oceanic, ofesi yolondolera ndege pamwamba pa nyanjayi, kudzera pa wailesi yofika patali ya HF kapena satelayiti. Kabwato kopopa ndi majekete oyandamitsa zikhale pamene dzanja lingafike, osati pansi pa katundu.

Mukayandikira, samalani mbalame zam'nyanja, zimene zilipo zambirimbiri. Mukatera, imikani ndege pamene akuuzani, mapasipoti ndi chilolezo zili m'manja, ndipo musatulutse kamera musanafunse. Munthu amene dzina lake silinalembedwe pa pempho asakwere n'komwe.

Nanga injini ikavuta muli pafupi koma mulibe chilolezo? Ikani transponder, kachipangizo kodziwitsa olondolera ndege za ndege yanu, pa nambala ya ngozi 7700, lengezani ngoziyo pa wailesi imene mukugwiritsa ntchito kapena pa 121.5, tchanelo cha ngozi, ndipo terani. Mudzasaina mafomu ndi kulongosola zimene zachitika mutafika pansi. Malamulo aja amasiyanitsa wotera pa ngozi, wotera molakwitsa ndi wotera mwadala. Womalizayu ndege yake ingathe kugwidwa mpaka atalipira, ndipo nkhani yake imakafika ku FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America.