Kutsogolera nthawi ya malilime ndi uneneri popanda chisokonezo

Tsiku lina ndikutsogolera mapemphero, anthu anayi anaimirira nthawi imodzi, aliyense ndi uthenga wake. Mayi wina amene anabwera koyamba anangonyamula chikwama chake n'kutuluka. Kuyambira pamenepo ndimatsata 1 Akorinto 14.

Musanayambe, funsani ngati pali womasulira malilime. Ngati palibe, nenani poyera kuti wamalilime alankhule ndi Mulungu chamumtima, monga vesi 28 ikunenera. Ngati alipo, lolani awiri, akachuluka atatu, wina akamaliza wina n'kuyamba.

Pa uneneri ndiye pamavuta. Aneneri nawonso akhale awiri kapena atatu, ndipo enawo asamangoti "Ameni", ntchito yawo n'kuyesa mawuwo. Ine ndimayamba ndakhalitsa anthu chete pang'ono, kenaka ndimafunsa akulu ampingo ngati zanenedwazo zikugwirizana ndi Malemba. Wina akati, "Mzimu wandigwira, sindingathe kusiya," muwerengereni vesi 32 mofatsa, osamuchititsa manyazi: mizimu ya aneneri imamvera aneneriwo. Akaumirirabe, mtumwi Paulo anamuyankha kale pa vesi 37, kuti zimene analembazo ndi lamulo la Ambuye. Zotsalazo mukakambirane naye pambali mapemphero akatha.