Kugwira nyimbo za Khrisimasi pa kiyibodi ndi khutu lokha

Nyimbo zambiri zomwe zimalira m'mashopu ndi m'maminibasi pa Kasungu mu Disembala zimayenda pa ma chord atatu basi (chord ndi manotsi angapo olizidwa pamodzi). Nyimbo yomwe mwasankha imvereni katatu musanakhudze kiyibodi. Kenako imbani chapansipansi liwu lomwe nyimboyo imathera, mulisake pa kiyibodi. Kawirikawiri kiyi yake, liwu lomwe nyimbo yonse imatsamirapo, ndi yomweyo. Ikakhala G, dzanja lamanzere ligwire ma chord a G, C ndi D. Khutu likhale pa besi, osati pa woimba: besi ikasuntha, chord yasinthanso.

Ophunzira ambiri amathamanga akafika pa kolasi, zala zimatengeka ndi chisangalalo. Ikani metronome, kachipangizo kogunda kosunga liwiro la nyimbo, pa kugunda 70 pa mphindi, muzikweza pang'onopang'ono.

Batani la transpose, lomwe limakusinthirani kiyi inu mukugwira malo omwewo, lisiyeni kaye, limagonetsa khutu. Tsiku lomwe kwaya idzayambe nyimbo mu F, inu mutazolowera C yekha, mudzasowa pogwira.