Mmene mungatulukire mu ngongole ya katapila

Pa ntchito yanga ya ulangizi kuno ku Lilongwe, ndakhala pansi ndi aphunzitsi, alonda, anamwino ndi anthu ogwira ntchito ku Capital Hill ndi ku Kanengo amene tsiku la malipiro silimawasangalatsanso, chifukwa khadi lawo la ku banki lili m'thumba la munthu wa katapila. Vutoli lidakula kwambiri ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe mitengo ya ufa, mafuta ophikira ndi lendi idakwera kuposa malipiro. Ambiri mwa anthuwa adakongola chifukwa cha matenda, maliro kapena fizi ya mwana, choncho palibe chifukwa chowanyozera.

Choyamba tengani kope ndi cholembera, mulembe ngongole iliyonse: amene adakukongozani, ndalama zimene mudalandira m'manja, tsiku lake, zimene mwabweza kale, ndi chikole chimene mudasiya. Anthu ambiri amaopa kuwerengera kumeneku, komatu ndi kumene kumaonetsa pamene ndalama zikuthera. Tiyerekeze kuti mudatenga K100,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pamwezi. Ngati mwezi uliwonse mukungopereka K50,000 ya chiwongoladzanja kuti akusiyeni, pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi mudzakhala mutapereka K300,000, koma K100,000 ija ikadali pomwepo. Ngati simukupereka kalikonse ndipo chiwongoladzanja chikuberekerana, m'miyezi itatu yokha ngongoleyo ifika pa K337,500. Ichi ndi chifukwa chake wokongoza sakuumirizani kubweza ndalama yeniyeniyo, koma amakondwa mukamangopereka "kamwamba".

Mukaona manambala anu, lekani kukongola kwina kuti mutseke kwina, kuphatikizapo ngongole za pa foni zimene zimabwera mwachangu. Kenako pitani kwa wokongozayo osadikira kuti akusakeni, ndipo musapite nokha. Tengani mboni, monga mfumu ya m'dera lanu, mkulu wa mpingo kapena m'bale wodalirika. Pemphani kuti chiwongoladzanja chiime pamene chafika, ndipo mugwirizane ndalama imene mungakwanitse mwezi ndi mwezi mutachotsa chakudya, lendi ndi thiransipoti. Mgwirizanowo ulembedwe ndipo onse asayinire. Polipira, gwiritsani ntchito banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti patsale umboni. Ngati mwapereka pamanja, pakhale polemba. Ndimalimbikira pa mfundoyi chifukwa ndaona anthu akulipira kawiri ndalama imodzi pongosowa kapepala kosonyeza.

Nkhani ya khadi ndiyofunika kuikonza msanga. Pitani ku banki yanu mukapemphe kuti khadi lakalelo litsekedwe ndipo mupatsidwe lina, kuti malipiro anu ayambe afika m'manja mwanu, inu n'kumalipira ngongoleyo monga mwa mgwirizano. Uku si kuthawa ngongole, ndipo ndi bwino kumuuza wokongozayo pamaso pa mboni ija kuti mwatero. Chiphaso cha unzika nachonso si chikole choyenera kusiyira munthu.

Ambiri amagonja chifukwa choopsezedwa, choncho ndi bwino kudziwa pamene lamulo laima. Kulephera kubweza ngongole ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri imene imaweruzidwa ku khoti. Wokongoza alibe mphamvu yothyola chitseko, kunyamula firiji kapena matiresi anu, kukutsekerani m'nyumba, kapena kukutumizirani anyamata oti akumenyeni. Kulanda katundu mokakamiza kumachitika ndi a sherifu, khoti litagamula. Mukaopsezedwa, sungani mauthenga onse a pa foni ndi pa WhatsApp, ndipo kanenani kupolisi ya kufupi nanu, kaya ndi ku Kawale, ku Lingadzi, ku Kanengo kapena ku Area 3. Dziwaninso kuti lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chake chili chopyola muyeso. Amene sangakwanitse kulipira loya angathe kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ngati amene adakukongozani ndi kampani, funsani ngati ili ndi chilolezo. Malinga ndi malamulo a Financial Services Act ndi Microfinance Act a 2010, makampani okongoza ndalama amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ku City Centre. Yambani mwalembera kampaniyo kalata ya dandaulo, musunge kope lake, ndipo ikapanda kukuthandizani mukadandaule ku Reserve Bank.

Pali njira imodzi yokongola kwina imene ndimavomereza: kutenga ngongole ya chiwongoladzanja chotsika ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake) ya kuntchito kwanu n'kutsekeratu ya katapila tsiku lomwelo, osatsalako ndi kakobiri kogwiritsa ntchito zina. Banki mkhonde ingathandizenso, koma werengerani kaye, pakuti magulu ena chiwongoladzanja chawo cha pamwezi n'chokwera ndithu. Musanachite zonsezi, auzeni amuna anu kapena akazi anu, ndipo muwaonetse kope lija lero lomwe, chifukwa ndalama ya ndiwo imene ichepe m'miyezi yobwezayo ndi yawonso.