Momwe mungakokere ngolo ndi pikapu bwinobwino

Ngolo ikayamba kuvina kumbuyo kwa pikapu, kugwedezeka uku ndi uku ngati mchira wa nsomba, dalaivala amakhala ndi masekondi ochepa oti achitepo kanthu. Ambiri zikawachitikira amaloza chala mphepo kapena msewu. Koma nthawi zambiri vutolo limakhala kuti linayambira pabwalo, pomwe ankapakira katundu injini isanalire n'komwe. N'chifukwa chake malangizo ambiri amene ndikupatseni pano ndi a zimene muyenera kuchita galimoto ili chiimire.

Yambani ndi manambala

Tsegulani buku la galimoto yanu, muyang'anenso kapepala kapena kachitsulo komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Mukufuna kudziwa kulemera kumene pikapuyo ingakoke, kulemera kumene inganyamule payokha, ndiponso kulemera kumene chitsulo chokokera, chija amakanika amati towbar, chingasenze. Chitsulochi chimakhala ndi malire akeake olembedwa pa icho chomwe. Ngati pikapu ingakoke makilogalamu 3,000 koma towbar yalembedwa 1,500, malire anu ndi 1,500.

Mabuku ambiri amapereka manambala awiri a kukoka: la ngolo ya mabuleki ndi la ngolo yopanda mabuleki. Lachiwirili limakhala laling'ono kwambiri. M'mayiko ambiri ngolo yopanda mabuleki siloledwa kupitirira makilogalamu 750, kuphatikiza ngoloyo ndi katundu wake. Ndipo musamayeze katundu ndi maso. Mchenga, njerwa ndi madzi zimaoneka zochepa koma zimalemera modabwitsa. Madzi okwana malita 1,000 ndi tani yathunthu. Ngati pali sikelo yoyezera magalimoto pafupi, kayezetseni.

Kupakira: apa ndiye pagona nkhani

Katundu wolemera kwambiri akhale pansi, pakati, ndipo chakutsogolo pang'ono kwa ekiselo ya ngolo, chitsulo chija chimene pamakhala magudumu. Lamulo limene anthu okoka ngolo amatsatira ndi lakuti pafupifupi magawo 60 pa 100 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo, otsalawo kumbuyo. Cholinga chake n'chakuti mutu wa ngolo uzitsamira pa mpira wachitsulo wa towbar ndi mphamvu yokwanira, imene kawirikawiri imakhala magawo 10 mpaka 15 pa 100 a kulemera konse kwa ngolo. Ngolo ya makilogalamu 1,000 izikanikiza mpirawo ndi makilogalamu 100 mpaka 150, bola musapyole malire olembedwa pa towbar ndi m'buku la galimoto, chifukwa ena amalola ochepera pamenepa.

Mukaunjika katundu kumbuyo, mutu wa ngolo umapepuka n'kumanyamula kumbuyo kwa pikapu. Matayala akumbuyo sagwiranso msewu mokwanira, ndipo katundu wakumbuyoyo amasanduka ngati mwala womangidwa kunsonga ya chingwe: akangoyamba kulendewera, kugwedezeka kulikonse kumaposa kwam'mbuyo mwake. Pa liwiro lochepa simungadziwe kuti pali vuto. Limadzaonekera mukathamanga, makamaka pamtsetse kapena lole yaikulu ikakudutsani.

Kuunjika zonse kutsogolo nakonso si nzeru. Kumbuyo kwa pikapu kumatitimira, kutsogolo kumadzuka, chiwongolero chimapepuka m'manja, ndipo usiku magetsi anu amathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Musaiwalenso kuti kulemera kumene ngolo ikukanikiza pa mpira kumawerengedwa ngati katundu wa pikapu. Anthu amene akwera, zida zimene mwaponya kumbuyo ndi mutu wa ngolo, zonsezo zimadya malire amodzimodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: pikapu yadzaza kale, kenako akuimangiriranso ngolo yodzaza.

Mukamaliza, imani chapatali muone. Pikapu ndi ngolo zizioneka zowongoka, osati zopindika pakati. Katunduyo mumange ndi malamba olimba mbali zonse, chifukwa katundu wopakidwa bwino akatsetsereka pa buleki yoyamba, ntchito yonse ija yapita pachabe.

Kulumikiza

Onetsetsani kuti mpira ndi mutu wa ngolo ndi za saizi imodzi. M'mayiko ambiri mpira wake ndi wa mamilimita 50, pomwe ku America amagwiritsa ntchito ya mainchesi 1 7/8, 2 ndi 2 5/16. Mutu waukulu pa mpira waung'ono umaoneka ngati wagwira, koma pa bampu yoyamba umadumpha.

Tsitsani mutuwo mpaka uvale mpira wonse, tsekani loko yake, lowetsani pini. Kenako yesani: pukusani kagudumu kochirikiza mutu wa ngolo ngati mukufuna kuinyamula. Ngati yagwiradi, kumbuyo kwa pikapu kudzukira limodzi. Mukatsimikiza, kwezani kagudumuko mpaka pamwamba ndi kukamanga.

Ngati ngolo ili ndi matcheni awiri, apingasitseni pansi pa mutu wake, la kumanzere lipite kumanja, la kumanja lipite kumanzere. Mutu utati wachoka pa mpira, umagwera pa matcheniwo m'malo molasa msewu. Akhale ndi mpata wokhotera, koma asamakhwekhwereke pansi. Ngolo za mabuleki zimakhalanso ndi kawaya kamene kamamanga mabuleki ngolo ikaduka. Kawayako kakolekeni pa galimoto penipeni, osati pa matcheni.

Lumikizani pulagi ya magetsi, wina aime kumbuyo, inu muziyatsa chimodzichimodzi: magetsi a buleki, ma indiketa onse awiri, ndi magetsi ausiku. Akamaphethira mosokonekera, kawirikawiri ndi waya wa ethi amene sakugwira kapena dzimbiri m'pulagi.

Matayala a ngolo amafuna diso lapadera, chifukwa ngolo zambiri zimakhala miyezi zili padzuwa. Tayala limatha kukhala ndi mapanga abwino koma mphira wake utauma n'kung'aluka m'mbali. Zaka zake zalembedwa pa tayala lomwelo: manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT amanena sabata ndi chaka, moti 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Pimani mpweya matayala asanatenthe, limbitsani manati, ndipo tengani sipeya ndi jeke yokwanira ngoloyo. Magalasi am'mbali muwakonze kuti muziona mbali zonse za ngolo mpaka kumapeto.

Pamsewu

Chilichonse muzichita pang'onopang'ono komanso msanga kuposa masiku onse. Kulemera kwawonjezeka, ndiye mtunda woimira nawo watalika. Siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, kawiri kuposa umene munazolowera. Mayiko ena ali ndi liwiro lapadera la galimoto yokoka ngolo, ndiponso malamulo a laisensi malinga ndi kulemera, choncho fufuzani a kumene mukuyenda.

Pokhota, matayala a ngolo amadutsa mkati kuposa a pikapu. Pitirirani pang'ono musanapotoze chiwongolero, apo ayi ngolo ikwera m'mphepete mwa msewu, pomwe pamakhala anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Popitirira galimoto ina, kumbukirani kuti mwatalika. Musabwerere kumbali yanu mpaka mutaona m'galasi kuti ngolo yonse yadutsa. Ine ndimati ngati mukukayika, khalani kumbuyo komweko.

Pamtsetse lowetsani giya yotsika musanayambe kutsika, injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Kupondereza buleki njira yonse kumatenthetsa mabuleki mpaka amasiya kugwira. Pondani mwamphamvu kwakanthawi, liwiro litsike, kenako siyani azizire. Pikapu zambiri za otomatiki zili ndi batani la Tow/Haul lothandiza pa zimenezi. Pokwera chitunda, diso likhale pa geji ya kutentha kwa injini.

Ngolo ikayamba kuvina

Thupi lanu lidzakuuzani kuti mupondereze buleki ndi kulimbana ndi chiwongolero. Zonse ziwirizi zimawonjezera ngozi. Buleki yadzidzidzi imachititsa kuti ngolo ikankhe pikapu cham'mbali mpaka ziwirizo zipindane, ndipo manja a munthu sangafanane ndi changu cha kugwedezekako. Mukamawongolera kumanja, ngolo yabwerera kale kumanzere.

Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, chilunjike kutsogolo. Chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, liwiro lizitsika lokha. Ngati ngolo ili ndi mabuleki amagetsi okhala ndi kachipangizo kowongolera mabulekiwo m'galimoto, finyani kameneko ndi dzanja kuti ngolo yokha igwire mabuleki. Imakoka pikapu kuchokera kumbuyo n'kuwongoka. Ena amalangiza kuti muwonjezere moto kuti ngolo iwongoke. Musayese. Liwiro ndi limene limadyetsa kugwedezekako. Zikakhazikika, patukani pamalo abwino, musunthire katundu kutsogolo, muonenso mpweya wa matayala.

Ngakhale zonse zikuyenda bwino, imani mukayenda makilomita ochepa oyamba. Malamba amakhwepa katundu akakhazikika. Yandikizani dzanja pakati pa gudumu lililonse la ngolo: kufunda pang'ono n'kwabwino, koma ngati mbali imodzi ikuotcha, mabering'i auma girisi kapena buleki ikugwira yokha, ndipo gudumu lotero limatha kuguluka muli paulendo.

Kubwerera m'mbuyo

Ikani dzanja pansi pa chiwongolero. Kumene dzanja lapita n'kumene kumbuyo kwa ngolo kupite. Potozani pang'ono chabe, mukuyenda ngati kamba, chifukwa ngolo yaifupi imapinda msanga kuposa yaitali. Ikayamba kupinda kwambiri, musakakamire. Pitani kutsogolo, iwongoke, muyambirenso. Wokuthandizani aime pomwe mukumuona m'galasi, ndipo akasowa m'galasimo, imani nthawi yomweyo. Luso limeneli kaliphunzireni pabwalo lopanda anthu, ngolo ili yopanda katundu, tsiku la ulendo lisanafike.

Mukafika, imikani pamalo athyathyathya, mangani handibuleki, ndipo ikani zopinga kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala a ngolo musanamasule chilichonse. Kenako tsitsani kagudumu kochirikiza, chotsani pulagi, tsegulani loko, nyamulani mutu uchoke pa mpira. Matcheni muwamasule pomaliza, mutaona kuti ngolo yaima payokha osasuntha.