Kumanga laibulale ndi pulogalamu pogwiritsa ntchito CMake

Pulojekiti ikangofika mafayilo khumi, kuitana kompaila ya gcc pamanja kumatopetsa ndipo sipachedwa kuiwalika fayilo ina. Apa mpamene CMake imathandiza. Chida chimenechi chinayambika mu 2000 ku kampani ya Kitware, ndipo pachokha sichimanga kanthu. Chimawerenga fayilo ya CMakeLists.txt n'kulembera malangizo Make, Ninja kapena Visual Studio, ndiye zimenezi n'zimene zimaitana kompaila.

Tiyerekeze kuti muli ndi laibulale yotchedwa masamu, yomwe code yake ili mu src/masamu.c ndipo header yake ili mu include/masamu.h, komanso pulogalamu yotchedwa werengera mu app/main.c. Pamwamba pa pulojekiti lembani CMakeLists.txt motere:

```
cmake_minimum_required(VERSION 3.16)
project(werengera C)

add_library(masamu STATIC src/masamu.c)
target_include_directories(masamu PUBLIC include)
target_link_libraries(masamu PRIVATE m)

add_executable(werengera app/main.c)
target_link_libraries(werengera PRIVATE masamu)
```

Kenako mu terminal:

```
cmake -S . -B build -DCMAKE_BUILD_TYPE=Release
cmake --build build --parallel 4
```

Lamulo loyamba limakonza, lachiwiri limamanga, mpaka mafayilo anayi nthawi imodzi. Zonse zotuluka zimagwera mu foda ya build, choncho zikasokonekera mungoifufuta n'kuyambiranso. Musaiwale CMAKE_BUILD_TYPE: mukaisiya pa Make kapena Ninja, kompaila silandira -O3 ngakhalenso -g, ndiye pulogalamu imayenda pang'onopang'ono komanso imavuta kuifufuza ndi debugger. Koma Visual Studio siilabadira. Kumeneko onjezani --config Release pa lamulo lachiwiri. Dziwaninso kuti m ija ya mu target_link_libraries, laibulale ya C ya ma function owerengera ngati sqrt, imapezeka pa Linux koma pa kompaila ya Microsoft kulibe.

Mtima wa nkhaniyi uli pa mawu atatu: PRIVATE, PUBLIC ndi INTERFACE. Onani kuti werengera sitinaiuze komwe masamu.h ili. Yadziwa yokha chifukwa foda ya include tinaiika PUBLIC, kutanthauza kuti laibulale ikuifuna, ndiponso aliyense woilumikiza adzaifuna. PRIVATE ndi zapakhomo, zofunika mkati mwa laibulale mokha. INTERFACE ndi zimene ena akufuna koma laibulaleyo sizikuikhudza, monga zimakhalira ndi laibulale ya ma header okhaokha. Posankha dzifunseni: kodi chinthuchi chikutchulidwa mu header yomwe ena adzawerenge? Ngati inde, PUBLIC. Ngati chili mu fayilo ya .c basi, PRIVATE. Anthu ambiri amangomwaza PUBLIC paliponse kuti uthenga wa vuto uchoke. Zimatheka ndithu, koma mapeto ake pulogalamu imadalira zinthu zomwe sinapemphe, ndipo tsiku limene mudzachotse chimodzi mu laibulale, kumasweka kwina kosayembekezeka.

Tsopano kusankha mtundu wa laibulale. STATIC imatulutsa libmasamu.a pa Linux kapena masamu.lib pa Windows, ndipo code yake imakoperedwa mkati mwa pulogalamu. Mumanyamula fayilo imodzi, nkhani yatha. SHARED imatulutsa .so pa Linux, .dylib pa macOS ndi .dll pa Windows. Imeneyi imasakidwa pulogalamu ikamayamba, ndipo mavuto ambiri amabadwira pomwepa. Ngati palibe chifukwa chenicheni, monga mapulogalamu angapo ogawana laibulale imodzi, yambani ndi STATIC.

Vuto lotchuka la SHARED ndi lakuti pulogalamu imayenda bwinobwino mu build, koma mukaiika ndi cmake --install imakana ndi uthenga woti "cannot open shared object file". Chifukwa chake n'chakuti pomanga, CMake imalemba mkati mwa pulogalamu njira yopita ku laibulale, yotchedwa RPATH, koma poika imaichotsa. Pa Linux mankhwala ake ndi awa:

```
set_target_properties(werengera PROPERTIES
  INSTALL_RPATH "$ORIGIN/../lib")
```

$ORIGIN ikuimira foda yomwe pulogalamuyo yakhala, ndiye ngakhale musamutse zonse, foda ya pulogalamu (bin) ndi ya laibulale (lib) zidzapezanabe.

Pa Windows DLL imabisa ma function ake onse pokhapokha mwawaonetsa ndi __declspec(dllexport). Mukapanda kuonetsa ngakhale imodzi, fayilo ya masamu.lib yolumikizira sipangidwa, ndipo linker, chida cholumikiza pulogalamu ndi laibulale, imadandaula kuti siikuipeza. Njira yachidule ndi kuyatsa CMAKE_WINDOWS_EXPORT_ALL_SYMBOLS. Yaukhondo ndi generate_export_header, yomwe imakupangirani macro yoika pa function iliyonse yomwe mukufuna ioneke.

Mukaona "recompile with -fPIC", ndiye kuti mukulowetsa laibulale ya STATIC mkati mwa SHARED. Ikani POSITION_INDEPENDENT_CODE ON pa STATIC ija. Mukaona "undefined reference to", kawirikawiri fayilo ya .c yaiwalika mu add_library kapena laibulale yasiyidwa mu target_link_libraries. Ichi n'chifukwa chake kuli bwino kulemba mafayilo limodzilimodzi kusiyana ndi kuwatola ndi file(GLOB): GLOB imawerenga foda pa nthawi yokonza yokha, choncho fayilo yatsopano siioneka mpaka mutayendetsanso lamulo loyamba.

CMake imasunga dzina la kompaila mu build/CMakeCache.txt. Mukafuna kuchoka ku gcc kupita ku clang, musalimbane ndi foda yakale, tsegulani ina:

```
cmake -S . -B build-clang -DCMAKE_C_COMPILER=clang
```