Momwe mungayambitsire gulu la ophunzira akale pasekondale yanu popanda kukangana ndi PTA

Masekondale ambiri oyendera kuno ku Mangochi ali ndi gulu la pa WhatsApp la anthu amene anaphunzirapo. Mumapezeka aphunzitsi, anamwino, ogulitsa usipa ndi anyamata amene ali ku Joni. Nthawi zambiri gululo limangothera pa zithunzi zakale ndi mauthenga a maliro. Likayesa kusonkha ndalama limagwa pa chinthu chimodzi: anthu amafika pasukulu ndi maganizo awoawo, makolo a PTA n'kuona ngati awalanda mpando, ahedi n'kusowa womumvera. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yopewera zimenezo.

1. Lembani kaundula

Dzina, chaka chimene munthu anachoka pasukulupo, kumene ali ndi nambala yake ya foni. Chaka chilichonse chikhale ndi munthu mmodzi wofufuza anzake. Musasiye amene analekezera Fomu 2, chifukwa ena mwa iwo ndi amene ali ndi maboti ndi magolosale pafupi ndi sukulu, ndipo ndi amene angathamange pakagwa vuto. Tsegulaninso gulu lachiwiri la pa WhatsApp loti muzilemba akomiti okha, kuti lipoti la ndalama lisamire m'nthabwala.

2. Kaonaneni ndi ahedi ndi wapampando wa PTA musanasonkhe ngakhale tambala

Tumizani kalata, kenako anthu atatu apite okha. Funso lofunsa ndi limodzi: "Ahedi, chikukusowetsani tulo teremu ino n'chiyani?" Mwina inu mumaganiza za makompyuta pamene iwo akulira chimbudzi cha atsikana chimene chinagumuka ndi mvula.

Pamsonkhano womwewu gawanani malire ndipo muwalembe papepala limodzi, mbali zitatu zonse zisayine. PTA ndi ya makolo amene ana awo ali pasukulupo lero pamodzi ndi aphunzitsi. Nkhani za mwambo wa ana, zilango, kapena mphunzitsi amene akujomba ndi za ahedi, PTA ndi boma. Ophunzira akale asalowemo, ngakhale wina atakhala bwana kulikulu. Chimene mungapemphe ndi mpando umodzi pamisonkhano ya PTA, womvetsera ndi kupereka lipoti koma osavota, ndipo inunso muwapatse a PTA mpando wotero kwanu. Ngati mukufuna kumanga chilichonse, ahedi adziwitse ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kum'mwera chakum'mawa ku Zomba, imene imayang'anira masekondale a Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba. A gulupu nawonso amve nkhaniyi kuchokera kwa inu, asaimvere pamsika.

Tsiku la msonkhano musalitenge mwachibwana. Lachisanu masana anthu ali kumzikiti, Lamlungu m'mawa ena ali kutchalitchi, ndipo m'mwezi wa Ramadan simungaitane makolo kumsonkhano wa chakudya cha masana. Loweruka m'mawa limakomera ambiri, kupatula ngati lili tsiku la msika kwanuko. Msonkhano waukulu wa pachaka uikeni kumapeto kwa Disembala, pamene a ku Joni ndi a m'tauni abwera kudzaona makolo. Kumadera monga Namwera, Katuli ndi Makanjira pezani womasulira m'Chiyao. Mayi amene sanamve bwino zimene mwagwirizana sadzatsutsa pamsonkhano, koma mwana wake simudzamuona pa zimene mwakonzazo.

3. Malamulo ndi kasungidwe ka ndalama

Malamulo a gulu asapitirire masamba awiri: cholinga, maudindo, zaka zokhala pampando, chopereka, ndi chochita ndi munthu amene wadya ndalama. Tsegulani akaunti kubanki m'dzina la gulu. Abanki amafuna malamulowo, maminitsi a msonkhano umene unasankha osayinira, ndi ziphaso zawo. Osayinira akhale atatu, ndalama izituluka awiri akasayina, ndipo mmodzi akhale wokhala ku Mangochi konkuno.

Magulu ambiri amafera pa foni ya msungichuma. Ndalama za gulu zikamalowa pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba, zimasakanikirana ndi za ufa wa pakhomo pake, ndipo ngakhale munthu wokhulupirika amalephera kulongosola. Gulani simu ya gulu lokha, ndipo ndalama zizisamutsidwira kubanki sabata iliyonse. Otumiza kuchokera ku South Africa kudzera pa Mukuru alembedwe ndi makwacha amene afika, osati marandi amene anatumiza, apo ayi mudzakangana za kusiyana kwa mitengo. Ndalama zanu musaziphatikize ndi za PTA kapena za sukulu.

Chopereka chikhale chochepa choti aliyense akwanitse. Anthu 40 opereka K3,000 pamwezi ndi K120,000, ndipo zimenezi zimaposa lonjezo la K1 miliyoni la munthu mmodzi amene mawa sayankha foni. Tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse, msungichuma aike pagulu chithunzi cha sitetimenti ya kubanki ndi malisiti. Musasunge ndalama chaka chathunthu podikira ntchito yaikulu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga ndalama za simenti anagula matumba ochepa kuposa amene anawerengera.

4. Ntchito yoyamba ikhale yotha m'teremu imodzi

Chitsanzo chabwino pasukulu yopanda magetsi ndi sola ya kalasi imodzi, kuti a Fomu 4 aziwerenga madzulo. Mababu 6 a LED a mawati 5 akayaka maola atatu amadya mawati-ola 90. Panelo ya mawati 100, batire ya 12V 100Ah ndi kontirola yoteteza batire n'zokwanira ndithu, chifukwa batire yotere imasunga pafupifupi mawati-ola 1,200 ndipo yamtovu siyenera kutsika kupitirira theka. Gulani mababu a 12V kuti musafune inveta, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM.

Zimene zimapha sola ya pasukulu n'zodziwika. Wina amalumikiza mawaya kubatire mwachindunji, kulambalala kontirola, kuti atchaje mafoni a mudzi wonse, batire n'kuphwa mpaka kufa. Kutentha kwa kunyanja kuno kumafupikitsanso moyo wa batire, choncho iikeni m'bokosi lokhoma koma lolowa mpweya, pansi, kutali ndi malata. Fumbi la Okutobala likakuta panelo mphamvu imachepa, ndiye mwana mmodzi azipukuta ndi nsalu yonyowa m'mawa kamodzi pasabata. Paneloyo itsekeredwe mu felemu yachitsulo yowotcherera padenga, chifukwa yomangirira ndi waya imachoka usiku umodzi. Tengani makoteshoni atatu, ndipo wogulitsa asakhale mbale wa wakomiti.

Apa ndi pamene PTA imafunikira kwambiri. Inu mwagula magetsi, koma ndi makolo amene angagwirizane kuti kuwerenga kuzitha nthawi yanji, mphunzitsi uti azikhalapo, mlonda azilipidwa ndi ndani, ndipo atsikana azibwerera kwawo ndi yani. Popanda zimenezi makolo amaletsa ana aakazi kupita, ndipo sangalakwe. Kalasi yowala imasanduka ya anyamata okhaokha. Gwirizanani zonsezi musanagule, ndipo patsiku lopereka lembani katundu yense m'buku la sukulu, ahedi ndi wapampando wa PTA asayine. PTA ivomerenso kusunga kandalama kogulira batire ina, chifukwa batire sikhala mpaka kalekale.

5. Kuthandiza ana ovutika

Mayina asachokere kwa ophunzira akale, chifukwa aliyense ali ndi mphwake. Aphunzitsi a kalasi alembe mayina, a PTA akaone pakhomo, kenako komiti ya mbali zonse isankhe. Perekani zinthu, osati ndalama m'manja: yunifolomu, makope, kalikuleta, sopo, mapadi, kapena kukonzetsa njinga ya mwana wochokera kutali. Kumbukiraninso atsikana amene amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, pakuti ufa ukawathera pakati pa teremu ndi pamene amagwa m'manja mwa amuna a ndalama za nsomba. Mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba amaloledwa ndi boma kubwerera kusukulu akabereka, ndipo thandizo lanu lisamusale.

Malamulo awiri asaphwanyidwe. Nkhope za ana othandizidwa zisaikidwe pa Facebook. Ndipo palibe wophunzira wakale, makamaka bambo, amene azitenga nambala ya mwana kapena kukumana naye payekha m'dzina la gulu. Chilichonse chizidzera kwa ahedi kapena mphunzitsi wamkazi amene PTA yasankha.

6. Zotsatira za mayeso zikatuluka

MANEB ikatulutsa zotsatira za MSCE, pemphani ahedi akuonetseni phunziro ndi phunziro, popanda mayina a ana. Yambani ndi Chingerezi, chifukwa wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena. Ngati vuto lili pamenepo, ndalama za teremu yotsatira zipite ku mabuku a Chingerezi ndi mapepala osindikizira mayeso oyeserera. Mawu onyoza aphunzitsi pagulu la WhatsApp afufutidwe msanga, chifukwa amafika kwa eni ake tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi amene mwamunyoza ndi yemweyo amene mudzamupemphe kukhala ndi ana madzulo pansi pa mababu anu aja.