Kompyuta yakale ingathe kugawa intaneti ndi kusunga mabuku pakhomo

Laputopu yosweka sikirini, kapena imene mabatani ake anasiya kugwira, musamafulumire kuipereka kwa ogula zitsulo. Ngati ikuyakabe, ingathe kugawa intaneti m'nyumba monga rauta, komanso kukhala seva, malo osungiramo mabuku ndi zithunzi zimene banja lonse lingatsegule pa foni. Chithereni chisamaliro cha Microsoft pa Windows 10 mu Okotobala 2025, makina ambiri amphamvu zake akutchedwa otha ntchito, ndipo zimandiwawa kuwaona akudyedwa ndi fumbi.

Kuno kuchigwa cha Shire, posankha makina musathamangire liwiro. Funsani magetsi amene amadya. Kompyuta ya chibokosi ija, ikamadya mawatsi 100 usana ndi usiku, pa mwezi imamaliza mayunitsi 72. Timakina tating'ono ta m'maofesi totchedwa thin client, monga Dell Wyse kapena HP t620, timadya pafupifupi mawatsi 10, ndiye kuti mayunitsi 7 okha, ndipo sola yapakhomo imatikwanitsa. Kumbukiraninso kuti magetsi onse amene makina adya amatuluka ngati kutentha. Ku Ngabu kapena ku Nsanje, mu Okotobala ndi Novembala dzuwa limapyola madigiri 40, ndiye chibokosi chachikulu m'nyumba yamalata chimangolira fani mpaka kuzima chokha. Ine ndimalangiza thin client kapena laputopu. Laputopu ili ndi ubwino wina: magetsi akathima, batire lake limaigwiriziza. Koma batire likatupa, lichotseni tsiku lomwelo, lingabuke moto.

Fufutani Windows, muikemo Debian kapena OpenWrt, mapulogalamu oyendetsa kompyuta olowa m'malo mwake. Zonsezi n'zaulere, ndipo RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito) ya 2GB ndi yokwanira. Rauta imafuna polowera ndi potulukira. Modemu ya Airtel kapena TNM ilowe pa USB, kenaka waya wa Ethernet utuluke kupita ku karauta kakale ka Wi-Fi kamene kagawire mafoni. Mukaonjeza pulogalamu ya Pi-hole pa Debian, zotsatsa malonda zambiri zimatsekedwa zisanafike pa foni, bandulo n'kumachedwa kutha.

Chimene ndimakonda koposa sichifuna n'komwe bandulo. Pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia m'makinamo, ndipo Kolibri imasunga maphunziro a ana. Mumakopera kamodzi komwe netiweki ndi yamphamvu, kaya ku Nchalo kaya mukakwera ku Blantyre, basi. Mwana wa Fomu 4 amakhala pakhonde ndi foni ya amayi ake n'kumawerenga za sayansi popanda kupempha ya mayunitsi.

Tsopano pokhala pake. Amene tinaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti pansi si malo oikapo chinthu chamagetsi. Khomani shelefu pamwamba pa mzere umene madzi anasiya pakhoma, koma osafika pafupi ndi malata. Pakhale podutsa mphepo, ndipo musafunditse nsalu ngati wailesi. Mwezi ndi mwezi zimitsani, mupukute fumbi m'timabowo ndi kaburashi kofewa, muonenso ngati mavu sanamatemo dothi kapena nyerere kumanga. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi kukhoma.

Pasiwedi imene yabwera ndi pulogalamu isintheni tsiku loyamba. Zithunzi ndi makalata ofunika zikopereninso pa fulashi, muimange mu pulasitiki n'kuisunga pamodzi ndi ziphaso zimene mumanyamula madzi akamakwera.